Mwini timu akabwera ndi mapulani a ndalama, wochemerera ayang'ane pati?

Pa 6 February 2016, Liverpool inali patsogolo ndi zigoli ziwiri kwa duu pamasewero ake ndi Sunderland pa bwalo la Anfield. Mpira unkayenda bwino, ndipo panalibe chifukwa choti munthu amene walipira tikiti yake achoke masewero asanathe. Koma wotchi itangofika pa mphindi 77, anthu anayamba kunyamuka m'mipando yawo n'kulunjika kuzipata. Tsiku limenelo, kuseri kwa golo kumene nthawi zonse kumakhala mbendera zofiira, kunali mbendera zakuda. Anatuluka anthu pafupifupi 10,000. Mphindi ya 77 sanaisankhe mwangozi. Eni timu, kampani ya Fenway Sports Group, anali atalengeza kuti tikiti yodula kwambiri ikwera kuchoka pa mapaundi 59 kufika pa mapaundi 77. Anthu aja atatuluka, Sunderland inabweza zigoli zonse ziwiri. Sabata isanathe, eni timuwo analemba kalata yopepesa ndipo mitengo yatsopanoyo anaisiya.

Eni Liverpool sanali mbava. Anali akumanga chigawo chachikulu cha bwalolo, ankafuna timu yolimbana ndi zinzake zolemera, ndipo ndalama zake zinayenera kuchokera penapake. Ochemerera nawonso sanali anthu odana ndi chitukuko. Mkangano ngati umenewu umabuka pafupifupi pa timu iliyonse imene ili ndi mwini wake. Tsiku lina iye amaitanitsa atolankhani n'kunena kuti akufuna kuchulukitsa otsatira timu, kukulitsa bwalo, kukopa makampani ndi kutchukitsa dzina la timu kunja kwa dziko. Ochemerera amagawikana pomwepo. Ena amati tamulekani munthu agwire ntchito, mpira wa masiku ano ndi ndalama. Ena amati uyu akufuna kutigulitsa. Ine ndimaona kuti mbali zonse ziwiri zimafulumira kuweruza mtima wa munthuyo, chonsecho mtima wake palibe angauone. Zooneka ndi zitatu: kumene ndalamazo zikuchokera, amene adzasenze ngongole, ndi chimene chidzatsale mapulaniwo akadzakanika.

Kumene timu imapeza ndalama

Timu ya mpira imadya kuchokera m'miphika itatu. Woyamba ndi wa tsiku la masewero: matikiti, mipando yapadera ya anthu olemera, ndi zimene anthu amagula ali m'bwalo. Wachiwiri ndi wa makampani a kanema amene amalipira kuti aonetse masewero. Wachitatu ndi wa malonda, kuyambira dzina la kampani la pachifuwa pa jezi, majezi ogulitsa, mpaka dzina la bwalo. Matimu ambiri ang'onoang'ono amadaliranso kulera osewera n'kuwagulitsa. Real Madrid ndiyo inayamba kupyola mayuro 1 biliyoni pa chaka chimodzi, mu 2023/24, ndipo inatero itangomaliza kukonza bwalo lake la Santiago Bernabéu.

Ndalama zimenezi sizigona. Mbali yaikulu imathera ku malipiro a osewera, ndipo kawirikawiri timu yolipira bwino ndiyo imathera pamwamba pa ligi. Kale mwini timu wolemera ankangopisa m'thumba n'kutseka dzenje. Lero malamulo anamumanga manja. Bungwe loyendetsa mpira ku Ulaya la UEFA linakhazikitsa lamulo loti malipiro a osewera ndi makochi, pamodzi ndi ndalama zogulira osewera, zisapyole 70 peresenti ya zimene timu yapeza. Ku England, Everton inalandidwa mapointi 10 mu November 2023 chifukwa chopyola malire a ndalama zimene timu inkaloledwa kuluza, omwe anali mapaundi 105 miliyoni pa zaka zitatu. Itadandaula, mapointiwo anatsika kufika pa 6. Tsono mwini timu akamati tikufunika kupeza ndalama zambiri kuti tigule osewera, sikuti akunama. Wochemerera amene amafuna womwetsa zigoli wodula koma safuna kumva za malonda akufunika akumbukire kuti walira mvula walira matope.

Komatu miphika itatu ija mwini timu saifikira mofanana. Ndalama za kanema m'maligi ambiri amakambirana ndi akuluakulu a ligi m'malo mwa matimu onse, choncho iye payekha sangazikweze. Makampani amabwera ndi ndalama zambiri timu ikamapambana, ndipo kupambana sikubwera ndi kalata. Chimene chili pafupi ndi dzanja lake, chimene angasinthe mawa m'mawa osapempha aliyense, ndi thumba la wochemerera ndi zinthu zimene wochemererayo amazikonda: mtengo wa tikiti, malo okhala, jezi, dzina la bwalo. N'chifukwa chake mapulani ambiri okulitsa timu amayambira pa munthu amene wakhala ndi timuyo kuyambira kale.

Munthu ameneyu, ukamuona m'mabuku a ndalama, si kasitomala wabwino ayi. Amagula tikiti ya chaka chonse pamtengo wotsikirako, amafika masewero atatsala pang'ono kuyamba, jezi yake ndi ya zaka zisanu zapitazo, ndipo mpira ukatha amangopita kwawo. Mlendo amene wabwera kamodzi kuchokera kutali amalipira tikiti yodula mosadandaula, amalowa m'sitolo ya timu n'kutuluka ndi zikwama. Wowerengera ndalama akayerekeza awiriwa, mpando umodzimodziwo umabweretsa zambiri ukakhala ndi mlendo watsopano sabata iliyonse. Apa m'pamene pamachokera maganizo ochepetsa matikiti a chaka chonse, kuchotsa mitengo yotsika ya ana ndi okalamba, ndi kusandutsa malo a anthu oimba kukhala zipinda zodyeramo anthu a makampani. Manchester United inadzudzulidwa kwambiri chakumapeto kwa 2024 itaika mtengo wa mapaundi 66 pa matikiti otsala, osapatula mwana kapena wokalamba.

Chimene mabuku a ndalama saonetsa tinachiona tonse mu 2020, mliri wa Covid-19 utatseketsa zipata. Osewera anali omwewo, mabwalo omwewo, koma mpira unali wozizira. Munthu unkamva kochi akukuwa, unkamva mpira ukugunda chitsulo cha golo, ndiyeno zii. Makampani a kanema anafika poika phokoso lojambulidwa kale la ochemerera kuti oonera asathawe. Mlendo uja amalipira ndalama zambiri kuti adzamve nyimbo za anthu amene akuchotsedwa kuti iye apeze mpando. Kampani ya kanema nayonso imagula phokoso lomwelo. Borussia Dortmund imasunga malo oimirira a anthu pafupifupi 25,000 kuseri kwa golo limodzi, pamtengo wotsika, ndipo khoma lachikasu limenelo ndilo limagulitsa dzina la timuyo padziko lonse kuposa chikwangwani chilichonse. Wochemerera wa m'bwalo ndi wogula, koma alinso mbali ya katundu amene akugulitsidwayo. Mwini timu amene sakuona zimenezi walakwitsa masamu ake omwe.

Pali nkhani ina imene imandikhudza ine mwini, chifukwa ambiri amene timatsatira matimu akuluakulu timawaonera pa kanema tili kutali. Mwini timu akamati akufuna otsatira atsopano kunja, akunena ife. Sindivomereza zoti munthu amene amadzuka pakati pa usiku kuti aonere timu yake, amene amasowa tulo ikagonja, ndi wochemerera wabodza. Koma pali kusiyana pakati pa kutipatsa ife njira yofikira timu ndi kulanda timuyo kwa anthu a pakhomo pake. Kuonetsa masewero m'zinenero zambiri, kutsegula masukulu a mpira, kuyendera maiko ligi ikatha, zonsezi sizilanda munthu kanthu. Kusamutsa masewero a ligi ndi nkhani ina. Mu 2008 akuluakulu a Premier League anaganiza zowonjezera masewero a nambala 39, pamwamba pa 38 amene timu iliyonse imasewera, oti azichitikira kunja, ndipo maganizowo anafa atakanidwa ponseponse. Chikho cha Supercopa cha ku Spain chinayamba kuseweredwa ku Saudi Arabia mu 2020. Mu 2025 La Liga inakonza zoti Villarreal ndi Barcelona zikakumane ku Miami, koma zinalephereka anthu atakwiya, osewera omwe atasonyeza kusakondwa. Ku Germany masewero a Lolemba usiku, amene ankakomera a kanema koma ankazunza woyenda ulendo wautali kutsatira timu yake, anathetsedwa mu Bundesliga ochemerera atalimbikira kuwakana.

Ndalama za ndani, ngongole ya ndani

Mwini timu akalengeza kuti aika mamiliyoni mu timu, anthu amaomba m'manja asanafunse kuti akuziika motani. Njira zake zilipo zosiyana kwambiri. Akhoza kuika ndalama zake monga masheya, kutanthauza kuti zikatayika wataya ndi iye. Akhoza kukongoza timu yake yomwe, ndipo tsiku limene adzatope adzafuna ndalama zake. Akhozanso kukatenga ngongole kubanki n'kuikoleka pakhosi pa timu. Roman Abramovich anakongoza Chelsea mapaundi oposa 1.5 biliyoni pa zaka zimene anali mwini wake, ndipo pogulitsa timuyo mu 2022 sanazifune. Si mwini timu aliyense angachite zotero.

Nkhani imene wochemerera aliyense ayenera kuidziwa ndi ya banja la Glazer. Mu 2005 anagula Manchester United pamtengo wa mapaundi pafupifupi 790 miliyoni. Mbali yaikulu ya ndalamazo anachita kukongola, ndipo ngongole yoposa mapaundi 500 miliyoni inagwera timu imene inalibe ngongole. Kunena mwachidule, timu inadzigula yokha m'malo mwa eni ake atsopano. A Glazer anachitadi zimene analonjeza pa malonda: anapeza makampani othandiza m'maiko osiyanasiyana, ndalama zolowa zinakwera kwambiri, ndipo mu 2012 anagulitsako masheya pa msika wa ku New York. Koma chaka ndi chaka mamiliyoni ankapita ku chiwongoladzanja ndi kwa eni masheya, pomwe denga la Old Trafford linkadontha. Ochemerera ena anachoka mu 2005 momwemo n'kuyambitsa FC United of Manchester. Otsala aja, mu 2010, anayamba kuvala masikafu obiriwira ndi achikasu, mitundu ya Newton Heath, dzina limene timuyo inayamba nalo. Apa pali phunziro lowawa: ndalama zolowa zikhoza kukula kwambiri timu osapindula nazo. Funso lofunika ndi lakuti zikalowa zimatulukira khomo liti.

Ngongole payokha si tchimo. Arsenal inakongola kuti imange Emirates, n'kuchoka ku Highbury komwe kunkalowa anthu pafupifupi 38,000 kupita ku bwalo la anthu 60,000 mu 2006. Ochemerera anapirira zaka zowawa, osewera abwino akugulitsidwa, chikho osachiona kuyambira 2005 mpaka 2014. Koma bwalolo lilipo, ndipo lidzadyetsa timuyo kwa mibadwo. Leeds United inakongola kuti igule osewera. Pansi pa wapampando wake Peter Ridsdale inafika mu ndime yachiwiri kwa yomaliza ya Champions League mu 2001, n'kukongola mapaundi 60 miliyoni modalira matikiti a zaka zam'tsogolo, poganiza kuti izisewera mpikisanowo chaka chilichonse. Italephera kulowamo, nyumba yonse inagwa. Osewera anagulitsidwa motchipa, timu inatuluka mu Premier League mu 2004, inatsikanso kufika ligi yachitatu mu 2007, ndipo inabwerera pamwamba mu 2020, patatha zaka 16. Konkire amakhala, koma wosewera amakalamba, amavulala, kontirakiti yake imatha, ngongole n'kutsala.

Masiku ano kwabwera kukongola kwina kumene sikutchedwa ngongole. Mu 2022 Barcelona, itapanikizika, inagulitsa 25 peresenti ya ndalama zake za kanema za mu La Liga kwa kampani ya Sixth Street kwa zaka 25. Ndalama zinabwera lero, osewera anagulidwa, koma mwana amene anabadwa chaka chimenecho adzakhala bambo timu ikulipirabe. Barcelona ilibe mwini mmodzi, ndi ya mamembala amene amasankha pulezidenti. Ngongole ya mayuro 1.35 biliyoni imene pulezidenti Joan Laporta analengeza mu 2021, chaka chimene Lionel Messi anachoka, inapangidwa ndi atsogoleri osankhidwa ndi ochemerera omwe. Amene amaganiza kuti timu ikangokhala m'manja mwa otsatira ake ndiye kuti mavuto atha, aiganizire bwino nkhani imeneyi.

Ku Germany ochemerera anakana njira yomweyo isanayambe. Bungwe loyendetsa ligi, DFL, linafuna kugulitsa kagawo ka ndalama za kanema za zaka 20 kwa kampani yoika ndalama m'mabizinesi. Kumayambiriro kwa 2024, sabata ndi sabata, masewero ankaima. Kuchokera kuseri kwa magolo kunkagwa timipira ta tenisi ndi tindalama tachokoleti tokutidwa ndi pepala lagolide, ogwira ntchito m'bwalo n'kumatola ndi manja, osewera ataima chilili akuzizidwa, oimbira akuyang'ana wotchi. Akangomaliza kutola, zina zinkagwanso. Mu February chaka chomwecho DFL inalengeza kuti zokambiranazo zatha.

Zimene zimabwerera ndi zimene sizibwerera

Ndikamayeza mapulani a mwini timu, ndimasiyanitsa zinthu zimene zikalakwika zingakonzedwe ndi zimene zikapita zapita. Mtengo wa tikiti ukhoza kutsika chaka chamawa. Kochi akhoza kuchotsedwa. Ngakhale dzina la bwalo limabwerera: Mike Ashley, yemwe anali mwini Newcastle, anatcha bwalo la St James' Park kuti Sports Direct Arena mu 2011, anthu anapitiriza kuitchula dzina lakale, ndipo pasanathe chaka dzinalo linabwerera. Mtundu wa jezi umapweteka kwambiri koma nawonso umabwerera. Mwini timu Vincent Tan anasintha Cardiff City kuchoka ku buluu kupita ku zofiira mu 2012, poganiza kuti zofiira zikopa anthu ku Asia. Timu inakweradi kulowa mu Premier League mu 2013, koma inatsika chaka chotsatira, anthu anachepa m'bwalo, ndipo mu January 2015 buluu anabwerera. Assem Allam, amene anapulumutsa Hull City pa mavuto a ndalama mu 2010, anafuna kuitcha Hull Tigers kuti dzina ligulike kunja. Bungwe loyendetsa mpira ku England la FA linakana mu April 2014. Chodabwitsa pa Tan ndi Allam n'chakuti onse anaikadi ndalama zawo zambiri, ndipo akanangofunsa kaye, chikondi cha anthu akanakhala nacho.

Malo ndiwo sabwerera msanga. Atsogoleri a Brighton anagulitsa bwalo la Goldstone mu 1995 popanda kwina kopita. Timu itachokamo mu 1997 inakasewera zaka ziwiri ku Gillingham, mtunda wa makilomita oposa 100, kenako pa kabwalo kothamangirapo ka Withdean, ndipo inapeza nyumba yakeyake mu 2011. Mwini timu akanena zopatula bwalo kuti likhale pansi pa kampani ina, ngakhale kampaniyo ikhale yake yomwe, wochemerera atsegule maso. Tsiku limene adzagulitse timu, bwalolo likhoza kutsala m'manja mwake, timu n'kukhala ya lendi pakhomo pake pomwe.

Ku South Africa malamulo amalola kugulitsa malo a timu mu ligi, ndipo zotsatira zake n'zomvetsa chisoni. Bidvest Wits, imene inayamba mu 1921 ndipo inatenga ligi mu 2017, inagulitsidwa mu 2020 itatsala chaka chimodzi kuti ikwanitse zaka 100. Bloemfontein Celtic, imene otsatira ake ankadziwika Africa yense chifukwa cha kuimba, inagulitsidwa mu 2021, malo ake n'kupita ku KwaZulu-Natal m'dzina la Royal AM. Anthu amene ankadzaza bwalo atavala zobiriwira ndi zoyera anadzuka tsiku lina alibe timu. Ku Austria, kampani ya Red Bull itagula Austria Salzburg mu 2005 inasintha dzina, mitundu ndi chizindikiro, ndipo otsatira amene anakana anayambitsanso timu yawo kuchokera pansi penipeni.

Mpikisano wa European Super League unali wa mtundu womwewu, wosabwerera. Pa 18 April 2021 matimu 12, asanu ndi limodzi a ku England, atatu a ku Spain ndi atatu a ku Italy, analengeza mpikisano umene oyambitsa ake sakanatulukamo ngakhale atasewera moipa chotani. Kwa mwini timu zinali zomveka: chimene chimaopsa woika ndalama mu mpira n'chakuti chaka chimodzi choipa chikhoza kudula ndalama pakati. Koma mantha omwewo ndiwo amakometsa mpira. Otsatira matimu amene akanapindula ndiwo anayamba kukana. A Chelsea anatseka msewu wa ku Stamford Bridge, mpaka Petr Čech, goloboyi wakale wa timuyo, anatuluka kukawapempha kuti basi ya osewera idutse. Pasanathe masiku atatu matimu onse a ku England anali atatulukamo, ndipo John Henry, mwini Liverpool, anapepesa pa kanema.

Nafenso ochemerera tili ndi mbali yathu pa milandu imeneyi, ndipo sitikonda kuimva. Portsmouth itatenga FA Cup mu 2008, ndi angati anafunsa kumene malipiro a osewera aja ankachokera? Mu 2010 inakhala timu yoyamba ya mu Premier League kulephera kubweza ngongole mpaka kuikidwa m'manja mwa oyang'anira, ndipo inagubuduka mpaka ligi yachinayi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bury, timu imene inayamba mu 1885, inakwera ligi mu 2019 osewera ake asakulandira malipiro, ndipo mu August chaka chomwecho inachotsedwa mu ligi. Timafuula kuti gulani osewera, ndipo mwini timu wofuna kukondedwa amagula ndi ndalama zimene palibe. Mbali inayi kulinso mwini timu woumira, amene cholinga chake n'kungokhalabe mu ligi kuti azilandira za kanema. Otsatira Newcastle anamudandaula Ashley zaka 14 pa chifukwa chimenechi. Timu itagulidwa ndi gulu lotsogozedwa ndi thumba la ndalama la boma la Saudi Arabia mu October 2021, anthu anavina kunja kwa bwalo, ndipo mu March 2025 anaona chikho choyamba cha m'dziko chiyambire 1955. Ena mwa iwo mpaka lero mtima suli m'malo chifukwa cha mbiri ya bomalo pa ufulu wa anthu. Sindingawaweruze ovina kapena odandaula, koma funso la kumene ndalama zachokera silitha chifukwa choti chikho chabwera.

Zilipo nkhani zimene zinayenda bwino, ndipo zimafanana pa chinthu chimodzi. Tony Bloom, wochemerera Brighton kuyambira ali mwana, atakhala mwini timuyo anamanga bwalo ndi malo ophunzitsira, n'kukhazikitsa njira yopezera osewera otchipa amene ena sanawaone. Moisés Caicedo, amene anamugula ndi ndalama zochepa ku Ecuador, anapita ku Chelsea mu 2023 pamtengo wofika mapaundi 115 miliyoni. Wrexham inali m'manja mwa bungwe la otsatira ake kuyambira 2011. Akatswiri a mafilimu Ryan Reynolds ndi Rob McElhenney atafuna kuigula, anayenera kuyamba afotokoza mapulani awo kwa mamembala, analonjeza kuti dzina, mitundu ndi malo sizisintha, ndipo mamembala oposa 98 peresenti mwa ovota anavomera. Anatenga timu mu February 2021, anaitchukitsa padziko lonse kudzera pa pulogalamu ya pa kanema, ndipo inakwera ligi katatu motsatizana, mu 2023, 2024 ndi 2025. Chimene anagulitsa kunja ndi tauniyo ndi anthu ake momwe alili. Nawonso mafunso sanathe, chifukwa ndalama zimene akuwononga n'zambiri, ndipo tsiku lina anthu otchukawa adzafuna kuchoka.

Mphamvu ya kufunsa

Mawu abwino a mwini timu amatha tsiku limene wagulitsa. Wogula watsopano sanalonjeze kanthu. N'chifukwa chake ochemerera ozindikira salimbana kwambiri ndi kuti mwini wathu ndi wabwino kapena woipa, amalimbana ndi zolembedwa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ku Germany kuli lamulo la 50+1, limene linabwera mu 1998 matimu atayamba kuloledwa kukhala makampani: mamembala amasunga mavoti oposa theka, kupatula matimu ochepa ngati Bayer Leverkusen ndi Wolfsburg amene anakulira m'manja mwa makampani. Ku England, Super League itagwa, kafukufuku wotsogozedwa ndi phungu Tracey Crouch anatulutsa lipoti mu November 2021, ndipo mu 2025 nyumba ya malamulo inakhazikitsa bungwe loima palokha loyang'anira matimu. Mwa zina, lamulolo limafuna kuti timu ifunse otsatira ake isanasinthe chizindikiro kapena mtundu wa jezi ya pakhomo, ndiponso ipeze chilolezo isanagulitse bwalo kapena kusamuka.

Kumene kulibe malamulo otere, chotsala ndi kugwirizana. Wochemerera mmodzi akadandaula pa Facebook, mwini timu sataya tulo. Bungwe la otsatira lolembetsedwa, lokhala ndi atsogoleri osankhidwa, limene limapempha mabuku a ndalama chaka chilichonse ndipo lili ndi munthu wodziwa kuwawerenga, ndi lovuta kulinyalanyaza. Bungwe lotere lisamale kuti atsogoleri ake asagulidwe ndi matikiti aulere ndi mipando yapamwamba, chifukwa m'pamene mabungwe ambiri amafera. Likakhala pa tebulo ndi mwini timu, lifunse ngati ndalama zake ndi masheya kapena ngongole, bwalo lili m'dzina la ndani, ndi mipando ingati idzatsale pamtengo woti wachinyamata wongoyamba ntchito angakwanitse, ndiponso ngati mapulaniwo angapirire timu itatsika ligi chaka chamawa. Mwini timu wa zolinga zabwino mafunso amenewa samuopsa, ndipo nthawi zambiri amakhala atawaganizira kale.

Otsatira Wimbledon analibe chilichonse cholembedwa. Timu yawo, imene inatenga FA Cup mu 1988, inachoka pa bwalo lake la Plough Lane mu 1991 n'kumachita lendi kwa Crystal Palace. Eni ake anati kumeneko kulibe tsogolo, otsatira ndi ochepa, ndipo ku Milton Keynes, makilomita pafupifupi 90 kuchokera kwawo, kuli tauni yaikulu yopanda timu ya mu ligi. Pa 28 May 2002 komiti ya anthu atatu yosankhidwa ndi FA inavomereza kusamukako. Timu inapita mu 2003, ndipo chaka chotsatira inasintha dzina kukhala MK Dons. Otsala aja anayambitsa AFC Wimbledon, anaitana aliyense wodziwa kumenya mpira kuti adzayesedwe pa dambo la Wimbledon Common, ndipo anayambira ligi yachisanu ndi chinayi kuchokera pamwamba. Mu 2011 analowa mu Football League, kufika ligi yachinayi kuchokera pamwamba. Pomanga bwalo latsopano ndalama zinaperewera, ndipo panabwera maganizo ogulitsa ulamuliro kwa anthu olemera. Otsatira anakana, n'kukongoza timu yawo mapaundi oposa 5 miliyoni kuchokera m'matumba mwawo. Pa 3 November 2020, patatha zaka 29, timu inaseweranso pa Plough Lane, pafupi ndi pamene panali bwalo lakale. Inalepherana ndi Doncaster Rovers 2-2. Chifukwa cha mliri zipata zinali zotseka, ndipo anthu amene anamanga bwalolo anaonera masewerowo pa kanema kunyumba kwawo.